Kope la Loweruka: njira yowerengera zomwe mwatsiriza pa sabata mukamalemba muukalamba

Mlembi akafika msinkhu woti mudzi wonse ukumuitana kuti agogo, ntchito yake imayamba kuoneka ngati yaima. Lolemba mwalemba ndime ziwiri, Lachiwiri kwagwa zovuta kwa aneba, Lachitatu mwaswera pa mzere kuchipatala kudikira kuyezetsa BP, Lachinayi maso akana, ndipo pofika Loweruka wina akafunsa kuti buku lija lafika pati, mumangoti "likuyenda" koma simungaloze ndi chala pomwe layenda. Anzanga angapo amene tinkatumiza nawo nkhani ku nyuzipepala adasiyira pamenepa. Mitu yawo idali yakuthwabe. Chomwe chidawagwetsa mphwayi n'kudziona olephera sabata ndi sabata.

Ine ndimakhala chakufupi ndi Mtunthama kuno ku Kasungu. Ndidagwira ukalaliki pa esiteti ina ya fodya, ndipo chipumireni pantchito ndakhala ndikulemba za moyo wa matenanti, akapitawo ndi ife makalaliki m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, boma lisadalole alimi ang'onoang'ono kulima burley pawokha. Apo ndi apo ndimapekanso ndakatulo. Chimene chandisunga pa tebulo ndi kope limodzi lomwe ndimalitsekula Loweruka lokha. Kwa amene akufuna kuyesa, njira yake ndi iyi.

Kope ndi tsiku lake

Gulani hadikava, ija ya chikuto cholimba yomwe ana a sekondale amalembamo manotsi. Kope wamba limathothoka chikuto dzinja lisadathe. Foni musaidalire pa ntchito imeneyi: zilembo zake n'zazing'ono kwa maso athu, moto umatha pomwe mukuifuna, ndiponso tonse tikudziwa kuti foni ya agogo imaswera m'manja mwa adzukulu.

Kopeli likhale lapadera. Musalembemo nkhani zanu, ngongole ya feteleza kapena manambala a anthu. Tsamba lililonse ndi sabata imodzi. Pamwamba lembani deti, kenako jambulani mzere ndi rula kutsika pakati pa tsamba. Kumanzere lembani mutu woti "Ndatsiriza", kumanja "Ndithokoze". Cholembera chikhale chakuda ndipo zilembo zikhale zikuluzikulu, chifukwa amene adzawerenge kopeli chaka chamawa ndi inu nomwe, muli ndi maso ofooka kuposa a lerowa.

Ine ndidasankha Loweruka chakumadzulo, nditasamba, dzuwa lisanalowe kuti ndisasowe nyali. Amene amapemphera Loweruka asankhe tsiku lina lomwe pakhomo pamakhala bata. Chofunika n'choti likhale lomwelomwelo, kamodzi pa sabata. Ena amalangiza kulemba zotere tsiku ndi tsiku, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa zikazolowereka dzanja limangolemba mutu uli kwina. Mu 2003 akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Robert Emmons ndi Michael McCullough, adagawa ophunzira a pa yunivesite m'magulu: ena azilemba kamodzi pa sabata zinthu 5 zomwe akuthokoza, ena zinthu 5 zowasowetsa mtendere, ena zochitika wamba. Patatha masabata 10, a gulu lothokoza ankauona bwino moyo wawo, ankayembekezera zabwino m'sabata yotsatira, ndipo madandaulo a m'thupi adali ochepa. Katswiri wina, Sonja Lyubomirsky, pamodzi ndi anzake adayerekeza olemba zothokoza kamodzi pa sabata ndi olemba katatu, ndipo amene adapindula adali a kamodzi aja. Inde, awa adali achinyamata a kunja, osati nkhalamba za ku Chamama kapena ku Wimbe, koma kuyesa kwake mtengo wake ndi hadikava imodzi basi.

Kumanzere: zokhazo zomwe zatha

Apa m'pomwe ambiri amasokoneza. Pa esiteti, m'buku la kalaliki sitinkalembamo fodya wa m'munda, ngakhale atakongola chotani, poti matalala a ola limodzi ankatha kumung'amba yense. Wa m'chigafa sitinkalembanso. Tinkalemba belo lomwe ladindidwa pa jeke, lasokedwa, lakwera sikelo. Kumanzere kwa kope lanu kukhale chimodzimodzi. Paja akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Choncho "ndaganizira za mutu wachisanu" sizilowa. "Ndalembako pang'ono" sizilowanso. Lembani chinthu choti mdzukulu atati afufuze m'mapepala anu angachipeze: "Ndatsiriza ndime 4 za tsiku lomwe matenanti ankalandira chimanga." "Ndakopera bwino masamba 3 a mutu wa njala ya 2002." "Ndatumiza ndakatulo imodzi ku tsamba la Chichewa la nyuzipepala." Chotumiza chimalowa tsiku lomwe mwatumiza. Kaya mkonzi aitulutsa kaya aiponya m'dengu la zinyalala, imeneyo ndi mbali yake, yanu yatha.

Kutsiriza sikuti n'kuchulukitsa mawu kokha. Kufufuta tsamba lomwe limakoka nkhani m'mbuyo ndi ntchito, ndipo nthawi zambiri imawawa kuposa kulemba latsopano. Kukonza kalembedwe ndi ntchito. Ife amene tidayamba sukulu Chichewa chisadakhazikitsidwe kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968 tidadutsa m'malamulo a kalembedwe osiyanasiyana. Bungwe la Chichewa Board lidatulutsa malamulo mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo m'manja mwathu zonsezi zidasakanikirana. Madzulo omwe mwathera mukuwongola mutu umodzi kuti kalembedwe kake kakhale kamodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, alembeni. Kukalembetsa ntchito yanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso lomwe lidayamba mu 1992, n'chinthu chomwe alembi ambiri amachizengereza zaka, ndiye tsiku lomwe mwachita lilowe ndi mzere kunsi kwake.

Chomwe ine ndimachilemba ndi zilembo zazikulu kuposa zonse ndi ulendo wokacheza ndi mkulu mnzanga. Ndikakwera kabaza kupita kwa gogo wina amene adali tenanti, n'kukhala naye pansi pa mtengo wa mango mpaka atayamba kukumbukira momwe ngongole ya chimanga, mchere ndi makasu inkadulidwira fodya akagulitsidwa, n'kubwerako ndi masamba awiri a zomwe wandiuza, sabata imeneyo ndimaiona yolemera ngakhale ndisadalembe chiganizo changachanga. Anthu amenewa akutha, ndipo zomwe sizidalembedwe zikupita nawo kumanda.

Mwina mukuti, nanga kulemba tizinthu totere kuli ndi phindu lanji kwa munthu wamkulu? Teresa Amabile wa ku yunivesite ya Harvard ku America ndi Steven Kramer adasonkhanitsa malipoti a tsiku ndi tsiku pafupifupi 12,000 kuchokera kwa ogwira ntchito 238 m'makampani 7, ndipo zomwe adapeza adazitulutsa mu 2011. Chomwe chinkawapatsa anthu mphamvu koposa chidali kuona kuti ntchito yomwe amailemekeza yasuntha, ngakhale pang'ono pokha. Adapezanso kuti kubwerera m'mbuyo kumapweteka mtima kwambiri kuposa momwe kupita patsogolo kumausangalatsira. N'chifukwa chake tsamba limodzi lokanika limaiwalitsa masamba asanu omwe adayenda bwino, pokhapokha mutawalemba pamalo poti maso awaone.

Musanatseke kope, pitani pa tsamba la sabata yamawa n'kulemba pamwamba ndi pensulo chinthu chimodzi chokha chomwe mukufuna kudzatsiriza. Chikhale choti mungachikwanitse ngakhale kutabwera alendo ogona. Muyeso wake uzisintha ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kubzala, kupalira ndi kubandira kumatenga m'mawa wonse, munthu pobwera kumunda msana uli gwa, ndiye tsamba limodzi pa sabata n'lokwanira. Juni ndi Julayi zala zimauma ndi chisanu mpaka dzuwa litakwera, imeneyo ndi miyezi yowerenga ndi kukonza. Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo nthawi yolemba kwenikweni. Masamba 3 pa sabata ndi masamba 156 pa chaka, ndipo ngakhale mutachotsa miyezi ya dzinja mupitirirabe 100.

Kumanja: tchulani munthu ndi chomwe wachita

Kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo n'koyenera, ndipo kwa ine mzere woyamba umakhala umenewo. Koma mukalekera pomwepo, tsamba lililonse lizifanana ndi linzake. Pansi pake lembani anthu, mmodzi kapena awiri kapena atatu, aliyense ndi chenicheni chomwe wachita. Kungoti "banja langa" n'kosakwanira. Lembani kuti mayi a kunyumba adathamangitsa ana pakhonde Lachinayi kuti mumalize ndime. Lembani kuti mnyamata wa fotokope wa pa boma adakukulitsirani zilembo osawonjezera mtengo, kapena kuti wa kabaza adakudikirani osang'ung'udza pomwe gogo uja ankafotokoza nkhani yake. Mukamalemba chonchi mumayamba kuona kuti buku lomwe pachikuto padzakhale dzina lanu lokha likunyamulidwa ndi anthu ambiri, ena osadziwa n'kuwerenga komwe.

Wonditayipira ine ndi mdzukulu wanga wamkazi wa Fomu 3. Amakhala pa mkeka, mapepala anga pa miyendo, zala ziwiri zikuthamanga pa foni, ndipo pakapita kanthawi amadzutsa mutu: "Agogo, apa mwati chiyani? Zilembo zanu zapiringizana." Ndikamuwerengera, nthawi zina amawonjezera, "Nanga kapitawo ankagwira ntchito yanji? Bwanji tenanti sankangochoka?" Iye amaona ngati akungotayipa, koma funso lililonse likundionetsa pomwe owerenga a msinkhu wake adzapunthwe. Dzina lake limalowa kumanja kawirikawiri, koma chifukwa chake ndimayesetsa kuti chikhale cha sabata imeneyo, osangobwereza kuti "wanditayipira".

Kulemba m'kope ndi theka la ntchito. Kwathu kuno tili kale ndi mwambo wabwino woti munthu akakuchitira chokoma lero, mawa m'mawa pomulonjera umathokozanso, "Zikomo chifukwa cha dzulo lija." Wonjezerani pamenepo. Sankhani mmodzi mwa omwe ali kumanja, ndipo Loweruka lina lisanafike mumuuze, kaya pamaso, kaya pa foni, kaya m'kakalata. Katswiri wina wa za maganizo, Martin Seligman, ndi anzake atayesa njira zingapo mu 2005, adapeza kuti kulemba kalata yothokoza n'kukaipereka pamanja kudakweza chimwemwe cha olembawo msangamsanga kuposa njira zina zonse, koma pofika miyezi 3 mphamvu yake idali itazilala. Ndiye si za kamodzi n'kupuma ayi.

Akuluakulu ambiri sitidazolowere kuthokoza ana, timati adzatukumuka. Ine sindidaonepo mwana woonongeka chifukwa agogo ake amuuza kuti "wandithandiza, zikomo". Ndipo ngati aphunzitsi omwe adakugwirani dzanja polemba, kapena mkonzi amene adayamba kutulutsa nkhani yanu, akadali moyo, ayikeni patsogolo pa onse. Mawu okoma ambiri kwathu kuno amayankhulidwa mwiniwake ali m'bokosi.

Chenjezo limodzi: kuthokoza sikutanthauza kusiya kulondola zanu. Ngati wosindikiza kapena nyuzipepala sidakulipireni, lembani kalata yokumbutsa, ndipo tsiku lomwe mwaitumiza lilowe kumanzere.

Chikondwerero chake

Mukatseka kope kondwerani nthawi yomweyo, musanadzuke kukatsekera mbuzi. Penshoni yathu tikuidziwa, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala, inki ndi fotokope zidakwera moti chikondwerero sichiyenera kudya ndalama ya zimenezi. Kwa ine ndi tiyi wamkaka m'kapu yomwe ndimamwera Loweruka lokha, ndi chigumu kapena mbatata yootcha. Amene adokotala adawaletsa shuga angakazinge mtedza, osachulutsa mchere, kapena kugula mayunitsi oimbira mnzawo wakale. Za mowa ndikukuletsani ngati mkulu mnzanu, chifukwa chikondwerero cha Loweruka chomwe chimameza Lamulungu ndi Lolemba chimabweza ntchito m'mbuyo. Kapu ikhale yomweyo kaya kumanzere kuli zinthu zisanu kaya chimodzi. Mukayamba kudzichongera malikisi, mwabwerera komwe mudachokera.

Chokoma koposa zonse n'kuwerengera munthu tsamba limodzi mokweza. Ine ndimawerengera mayi a kunyumba akuswa mtedza pakhonde. Sayankha zambiri, ndiye ndimamvetsera makoko. Akamangosweka osalekeza, n'kumagwera m'lichero, ndiye kuti ndimeyo ndi wamba. Zala zikaima, mtedza uli m'manja, ndiye kuti pamenepo pagwira, ndipo nthawi zina amati, "Tabwerezani pamenepo, bambo." Khutu limagwiranso zomwe diso lidaphonya: mpweya ukakutherani pakati pa chiganizo, chongani ndi pensulo kuti mudzachidule pawiri.

Mutu wathunthu ukatha, pamenepo nkhuku yachikuda igwe, ndipo wotayipa ndi womvetsera adye nawo.

Zolengeza pa Facebook sabata iliyonse sindizilimbikitsa. Anthu amalemba "zabwino zonse madala" asanawerenge n'komwe, mtima n'kukhuta ngati buku latuluka kale. Komanso ntchito yosasindikiza ikalowa m'magulu a WhatsApp imayenda yokha, dzina la mwini litatsala m'mbuyo. Bola kupeza mnzanu mmodzi kapena awiri olemba, n'kumatumizirana uthenga wamawu Loweruka madzulo: ichi ndatsiriza, uyu ndamuthokoza, iwe bwanji? Ngati kwanuko simudziwa wina wolemba, poyambira kufunsa ndi ku bungwe la Malawi Writers Union, lomwe lakhalapo kuyambira 1995.

Sabata zouma

Pa msinkhu wathu sabata zina zimapita ndi maliro, ndipo maliro ake ndi a anthu omwe tidasewera nawo. Zina zimapita ndi malungo kapena nyamakazi. Tsamba la sabata yotere musalidumphe, komanso musanamepo. Lembani deti, ndipo kumanzere lembani zoona: "Sindidalembe. Ndidali pa siwa." Kumanja simungasowe cholemba, alipo amene adakupatsani mpando, alipo amene adakunyamulani pa njinga pobwerera kumanda. Tiyi uja imwanibe, paja dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Sabata yotsatira musayese kubweza zonse zomwe zidatsalira, pensulo ilembe chinthu chimodzi monga mwa nthawi zonse.

Masamba ouma akatsatizana, werengani zifukwa zomwe mudalemba, chifukwa kope limaulula chomwe mwini amachibisa. Ngati zilembo zapafupi zokha ndizo zikuvuta, magalasi owerengera amathetsa nkhaniyo. Ngati chilichonse chikuoneka ngati muli m'nkhungu, ndipo kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyali za galimoto kukukuthobwani, mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa. Yambirani pa chipatala chapafupi kuti akuoneni. Opaleshoni yake imachitika m'malo monga chipatala cha Nkhoma ndi chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Ulendo wokayezetsa maso ulowe kumanzere, ndi ntchito ya buku imeneyo. Ngati vuto ndi zala zonjenjemera kapena zotupa, yankhulani nkhani yanu foni ikujambula mawu, mdzukulu adzatayipe, ndipo mphindi 10 zojambula muziziwerengera monga mumawerengera tsamba. Koma ngati chifukwa sichikuoneka, tulo tasowa, nsima sikukoma, ndipo kwa masabata angapo ngakhale kumanja mukusowa woti mumutchule, uzani munthu wapafupi ndipo mukaonane ndi achipatala. Matenda a kukhumudwa amagwiranso okalamba, ndipo kope silichiza amenewo.

Pakutha pa mwezi werengani masamba a mweziwo, phatikizani zomwe mwatsiriza, lembani chiwerengero pakona n'kuchizunguliza. Tsiku lomwe mtima ukuti palibe chomwe mukuchita, tsekulani pa ziwerengero zozungulizazo.

M'kati mwa chikuto cha hadikava lembani zinthu zomwe banja liyenera kudziwa: komwe kuli mapepala a buku, mitu yomwe yatha ndi yomwe ikadali yokonza, amene akusunga zotayipa, ndi amene mukufuna kuti adzayang'anire ntchitoyi inu mutalephera. Muonetseni mwana kapena mdzukulu mmodzi tsamba limeneli muli bwinobwino. Mapepalawo aikeni m'jumbo, jumboyo m'chidebe chotseka kapena m'bokosi lachitsulo, pamwamba pa njerwa komanso osagunda khoma, chifukwa chiswe, makoswe ndi denga lodontha atha mabuku ambiri asadafike kwa wosindikiza. Mutu uliwonse womwe watha ujambuleni ndi foni tsamba ndi tsamba n'kutumiza kwa mwana wokhala kwina, kaya ku Lilongwe kaya ku Johannesburg, kuti ukhale malo awiri. Chitani zimenezi cha mu Okutobala mvula yoyamba isanagwe, ndipo mukanyamula chidebecho yang'anani kunsi kwake ngati chiswe sichidayambe kumanga.